Geti la Hafu Pasiti Eyiti

Famu ija ndinaipeza chifukwa cha tulo. Masiku amenewo ndinkagwira ntchito ya usiku pachipatala chachikulu cha ku St James's, m'wodi ya okalamba. Ntchito yanga inali kuwasambitsa, kuwatembenuza kuti asachite zilonda, kuwamwetsa madzi ndi kuwamvera akamafotokoza za ana awo amene sabwera. Ndinkaweruka hafu pasiti seveni m'mawa, n'kukwera mabasi awiri kuti ndikafike ku Santry kumene ndinkakhala. Tsiku lina m'mwezi wa Malichi ndinakhala pampando wam'mwamba, kutsogolo kwenikweni, mutu nditautsamiritsa pagalasi. Ndimakumbuka tikudutsa Drumcondra. Chotsatira chake ndinadzidzimuka basi itaima, injini itazima, dalaivala akugogoda chitsulo cha pamasitepe.

"Mayi, tafika kumapeto. Kuno sitipitirira."

Ndinatsika pamalo poti sindinapondepo chiyambire. Kunali nkhungu yoti nyumba zinkangooneka madenga okha. Basi yobwerera inali idakali ndi maminitsi twente, ndiye pofuna kuti miyendo isaume ndi chisanu ndinayamba kuyenda motsata mpanda wamiyala, wautali, womera ndere. Ndisanaone kanthu mphuno zinayamba ndizo kundiuza. Ndowe. Ndowe za ng'ombe zam'mawa, zofunda, zosakanikirana ndi fungo la udzu wonyowa. Ndinali nditakhala mu Dublin zaka zisanu ndi chimodzi ndipo fungo limenelo ndinali nditaliiwala kuti liliko padziko. Ndinaima chilili pamsewu ngati wina wanditchula dzina la paubwana.

Mpanda unathera pageti lachitsulo lobiriwira. Kuseri kwake kunali bwalo la miyala, makola akale a denga lamasileti, ndipo chapatali, m'dambo, ng'ombe zakuda zing'onozing'ono zitaima mu nkhungu. Miyendo yake sinkaoneka, zinkangokhala ngati zikuyandama. Pageti panali chikwangwani chofotokoza kuti famuyo inali ya banja lina lolemera zaka mazana angapo zapitazo, ndipo tsopano ili m'manja mwa khonsolo ya mzinda, imene imasungamo ziweto za mtundu wakale kuti anthu azidzaona. Pansi pake analemba kuti amatsegula teni koloko. Pawotchi yanga inali kota tu naini.

Kwathu ndi ku Dowa. Bambo anali ndi ng'ombe zisanu ndi ziwiri ndi ngolo imodzi, koma ana awo oyamba tonse tinali aakazi, choncho ntchito yotsegulira khola inagwera ine chisamba. Lamulo la bambo linali limodzi: usatsegule mame asanaume. Ankati udzu wamame umatupitsa ng'ombe mimba. Ndiye ndinkakhala pamtengo wa khola, mapazi ali lendelende, kudikira dzuwa kuti ligwire ntchito yake, ng'ombe zikundipumira mpweya wotentha m'miyendo. Bambo anamwalira ine ndili kuno, mapepala anga asanatuluke, ndipo sindinathe kupita. Ng'ombe imodzi inaphedwa pamaliro, zotsalazo abale anagawana. Nkhani zimenezi ndinazimvera pafoni, nditaima m'khonde la hositelo, ndipo ndinaziika penapake mkati mwanga pomwe sindinkapitapo.

Kuyambira tsiku limene ndinapeza famu ija ndinayamba kupitirira dala siteji yanga. Kawiri pa sabata ndinkafika kumapeto kwa basi, kukaima pageti lija manja ali m'matumba, kuyang'ana kwa maminitsi twente, kenako n'kubwerera kukagona. Teni koloko sindikanakwanitsa kudikira. Ikamakwana nthawi imeneyo thupi langa linkakhala litasiya kale kundimvera.

Panali bambo wina wachikulire amene ankayang'anira ziwetozo, wamtali, wowerama msana pang'ono, wovala chipewa chaubweya ndi majombo. Masabata atatu oyamba ankangodutsa ndi wilibala osandiyang'ana. Sabata yachinayi anaika wilibala pansi n'kubwera pageti.

"Timatsegula teni koloko, mayi."

"Ndikudziwa, bambo. Teni koloko ine ndimakhala nditagona. Ndimagwira usiku."

Anagwedeza mutu, n'kutembenuka kuti azipita. Sindikudziwa chimene chinanditsegula pakamwa.

"Ng'ombe iyo ya banga loyera pamchira ikutsimphina. Mwendo wakumbuyo, wakumanzere."

Anayang'ana ng'ombeyo, anayang'ana ine, n'kubwerera ku wilibala yawo. Koma Lachinayi lotsatira ndinawapeza akundidikira pageti. Anatulutsa m'thumba kamwala kosongoka n'kundionetsa pachikhatho.

"Kanali pakati pa ziboda," anatero. "Munaziphunzira kuti ng'ombe?"

Umu ndi mmene chinansi chathu chinayambira, iwo mkati ine kunja, zitsulo zili pakati. Ankandiuza nkhosa imene yaswa mapasa, nkhumba yofiira imene yathyola mpanda, tambala amene wakalamba moti akulira masana. Geti sanatsegulepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo ine sindinapemphe. Ndinaleredwa ndi munthu wa ziweto, ndimadziwa kuti anthu otere lamulo lawo salipinda chifukwa cha nkhope ya munthu.

Chilimwe chinadutsa, chisanu chinabwera, ndipo m'mawa kunkada moti ng'ombe ndinkangozimva kupuma. Chakumayambiriro kwa chaka chotsatira ndinapeza pepala lokutidwa ndi pulasitiki litamangiriridwa pageti. A khonsolo ankafuna kusintha nthawi zotsegulira famu, ndipo ankaitana aliyense wofuna kunenapo maganizo kuti abwere Loweruka masana m'nkhokwe yakale imene anaisandutsa chipinda chomwera tiyi. Maganizo awo anali oti azitsegula leveni koloko.

Ndinauza mnzanga amene tinkagwira naye wodi imodzi, mayi wa ku Chipata, wamkulu kwa ine zaka zingapo, wapakamwa posachedwa. Tinali pasiteji ya basi m'mawa, tonse maso ali psuu.

"Manje iwe," anatero, "unaoloka nyanja zonse zija kuti uzikanunkhiza ndowe? Anzako akamaweruka amathamangira bulangete."

"Tiyeni mukandiperekeze, achemwali. Ndekha sindingayankhule."

"Ukayankhule chiyani? Famu ni ya atate ako?"

Koma Loweruka ndinawapeza atafika kale pasiteji, atavala chikhoti chawo cha kutchalitchi.

M'nkhokwemo munali anthu okwana mwina makumi atatu, mipando yapulasitiki, fungo la khofi ndi la makoma akale. Kutsogolo kunali mayi wachitsikana wochokera ku khonsolo, ali ndi laputopu, akuonetsa pakhoma mabokosi amitundumitundu: masiku a sabata m'mwamba, maola m'mbali. Anafotokoza mwaulemu kuti antchito ndi ochepa, ndipo famu singakhale yotsegula nthawi zonse, ndiye tigwirizane kuti mabokosi ati akhale obiriwira. Aphunzitsi awiri anati leveni ndi mochedwa, ana a sukulu amayenera kubwerera nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Mayi wogulitsa tiyi anati Lamlungu azitseka mochedwerako. Agogo ena okhala moyandikana ndi famuyo anadandaula za makochi amene amatseka msewu wawo. Bambo wina ankafuna kuti agalu aziloledwa, ndipo anayankhula nthawi yaitali za galu wake. Woyang'anira ziweto uja anakhala kumbuyo kwenikweni, chipewa chili pabondo, ngati munthu amene wabwera pamlandu wa eni.

Ine ndinkayang'ana mabokosi aja. Ndinali nditagona maola atatu okha, ndipo mitundu ija inkasungunuka n'kumayenderera pakhoma. Ndinkaganiza za kwathu, kumene dzuwa limatuluka nthawi yomweyomweyo chaka chonse, kusiyana pang'ono pokha, ndipo palibe amene anakhalapo pansi kukambirana kuti tsiku liyambe liti. Kuno dzuwa lenilenilo silidziwa chimene likufuna. Mu Juni limakana kulowa, mu Disembala folo koloko lapita kale. Mwina n'chifukwa chake anthu ake amafuna zonse zilembedwe pachikwangwani.

"Pali wina amene sanayankhule?" anafunsa mayi wa khonsolo.

Achemwali aja anandigunda ndi chigongono m'nthiti. Ndinapezeka ndaimirira. Zaka zonse zija ndinali ndisanayankhulepo pamsonkhano wa azungu, kupatula kuyankha mafunso a anthu amene ankafuna kudziwa chifukwa chimene ndinabwerera m'dziko lawo. Ndinati ndimagwira usiku, ndipo tilipo ambiri mumzinda uno amene tsiku lathu limatha pamene la ena likuyamba. Ndinati chaka chathunthu ndakhala ndikuima pageti. Ndinapempha kuti, ngati n'kotheka, masiku ena azitsegula hafu pasiti eyiti.

Mayi wa khonsolo uja anayamba kulemba. Koma kumbuyo kunamveka kukhosomola, ndipo woyang'anira ziweto anaimirira pang'onopang'ono.

"Ayi," anatero. "Mayiwa ndimawadziwa, ndipo ndimawalemekeza. Koma m'mawa ndi wa ziweto. Thirakitala imakhala ikuyenda pabwalo, makola tikuwachotsa ndowe, nkhosa zikuyamwitsa. Kuyambira teni mpaka madzulo ziwetozi zimakhala zikugwiridwa ndi manja a ana, kujambulidwa, kukuwiridwa. Maola am'mawa ndi okhawo amene zimakhala ziweto. Musazilande."

Zinandipweteka. Ndinamva kutentha kumaso ngati mwana amene wadzudzulidwa pagulu ndi munthu amene amamuyesa wake. Achemwali anayamba kung'ung'udza kuti amdala awa ndi otani. Koma ndinali ndisanakhale pansi, ndipo m'mutu mwanga ndinkamva mawu omwewo akunenedwa m'Chichewa, ndi pakamwa pena.

"Akunena zoona," ndinatero.

Anthu anatembenuka kundiyang'ana. Ndinawauza za bambo anga, za khola, za lamulo la mame. Sindinakonzekere kunena zimenezo, ndipo Chingerezi changa chinkapunthwa. Nditamaliza, mayi wa khonsolo anamwetulira n'kufunsa kuti, "Ndiye pachikwangwani tilembepo kuti timatsegula mame akauma?"

"Kuno mame sauma, mayi," anayankha woyang'anira ziweto. "Tikadikira zimenezo tidzatsegula tsiku lachiweruzo."

Anthu anaseka, inenso ndinaseka, ndipo kusekako kunandimasula lilime.

"Pabwalo sindikufunapo," ndinatero. "Sindikufuna kugwira chiweto. Ndikungofuna malo okhala pansi, mkati mwa mpanda, pomwe ndingazione popanda zitsulo kumaso."

Apo bambo wina wa jekete lowala anakweza dzanja. Anati amanyamula katundu ku bwalo la ndege ndipo amaweruka m'mawa ngati ine. Kenako mayi wina amene anali chete nthawi yonseyo anati mwana wake wamkazi sapirira phokoso ndi chipwirikiti cha anthu, moti chibadwire sanalowepo pafamupo, amangoonera pagalimoto. Mayi wa khonsolo anayang'ana mabokosi ake, koma munalibe bokosi la zimenezi.

Woyang'anira ziweto anapotokola chipewa chake m'manja kwa kanthawi.

"Kuli geti lina kumunsi," anatero, ngati akudziyankhulira yekha. "Kanjira kamene ngolo za mkaka zinkatulukira kale. Kamadutsa m'mbali mwa dambo, sikafika pabwalo. Lakhala lokhoma zaka zambiri. Kiyi wake ali pamsomali m'khola la akavalo, ngati dzimbiri silinamudye."

Zinthu za khonsolo siziyenda ngati za pakhomo. Panapita miyezi iwiri. Anabwera anthu kudzayeza kanjirako, ena kudzaona ngati mpanda wa dambo ungapirire ng'ombe, ena kudzadula minga. Ndinali nditataya kale mtima pamene chikwangwani chatsopano chinakhomedwa. Famu yonse: teni mpaka faivi m'chilimwe, leveni mpaka folo m'chisanu, Lolemba kotseka. Aphunzitsi anapeza zawo, wa galu sanapeze. Ndipo pansi, m'zilembo zing'onozing'ono: kanjira ka kudambo, Lachiwiri ndi Lachinayi, hafu pasiti eyiti mpaka teni, kuyambira Meyi mpaka Sepitembala. Magulu ayi, agalu ayi, chonde yendani mwakachetechete. Ndinawerenga mzere umenewo katatu. Ndinaujambula pafoni n'kutumizira mng'ono wanga ku Dowa, amene anayankha kuti sakumvetsa chimene ndikusangalalira.

Lachiwiri loyamba la Meyi tinafika ndi achemwali aja geti lili lotsegula kale, mwala utaikidwa kuti lisabwerere. Kanjirako kanali kopapatiza, kokutidwa ndi mitengo yaminga imene inali itachita maluwa oyera mbali zonse, moti tinkayenda ngati tikulowa m'chinsalu. Kunkagwa kamvula kosamveka, kongokhala m'mlengalenga. Kumapeto kwake dambo linatseguka, ndipo pansi pa khoma loyang'ana kum'mawa panali benchi imodzi yamatabwa. Mayi uja ndi mwana wake anali ataima chapatali, atagwirana manja. Ng'ombe zinali pafupi kuposa mmene ndinazionerapo. Ndinkamva lilime likuzula udzu, mano akuphwanya, mpweya ukutuluka m'mphuno. Ya banga loyera ija inadzutsa mutu, inandiyang'ana nthawi yaitali ikutafuna, kenako inapitiriza kudya.

Ndinakhala pabenchi. Ndinati ndingotseka maso pang'ono kuti ndimve bwino.

Ndinalota ndili kumunda kwathu koma nthaka yake inali yobiriwira ngati ya kuno. Bambo ankabwera kuchokera kutali ndi ngolo, ataimirira, chikwapu chili paphewa, atavala malaya awo a buluu ong'ambika pakolala. Ngoloyo sinkachita phokoso. Atafika pafupi sanaime, anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Wafika liti?" ngati ndinangopita kuchigayo. Ndinayankha kuti ndafika kale. Anagwedeza mutu n'kupitirira, ngolo ikulowa m'maluwa oyera aja. Sindinalire. Ndinkangomva kupepuka, ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni ndipo khosi likudabwa.

Nditadzuka dzuwa linali pamwamba. Pathupi panga panali chikhoti cholemera chonunkhira udzu wouma ndi mafuta a thirakitala. Kutali, kubwalo, kunkamveka ana a sukulu. Achemwali anali pambali panga, nsapato atavula, akudya bisiketi.

"Ni hafu leveni," anatero. "Nenze nifuna kukuutsa, koma amdala aja anakana. Akuti geti akhoma, tikatuluke cha kubwalo ukauka. Iwe, unamenyera nkhondo yonse ija kuti uzabwere kugona?"

Masabata oyamba tinkabwera ochepa: ine, bambo wa ku bwalo la ndege, mayi ndi mwana wake, nthawi zina nkhalamba ina yojambula mbalame. Mayi wa khonsolo anabwera tsiku lina ndi kachipangizo kowerengera anthu m'manja, ndipo ndinaona nkhope yake kuti sizikumukwanira. Anati akuluakulu ake adzafunsa ngati n'koyenera kutumiza munthu kudzatsegula geti chifukwa cha anthu asanu. Achemwali atamva zimenezo anaiwala kuti ndowe ankazinyoza. Anayamba kukokera anthu m'wodi monse, anamwino a ku Kerala, anyamata onyamula odwala a ku Philippines, mayi wina wa ku Zomba wotsuka pansi, mpaka bambo mfumu wa kwathu amene ankatumikira parishi ina chakumpoto. Ankawauza kuti kuli malo kumene munthu amagona tulo ta kumudzi.

Ndipo ankagonadi. Pofika Julayi ukalowa m'kanjira kaja unkapeza mzere wa anthu m'munsi mwa khoma, mayunifolomu akuonekera pansi pa majekete, mitu itatsamirana, ena pakamwa pali yasa, ng'ombe zikudya patsogolo pawo. Palibe amene ankayankhula mokweza. Woyang'anira ziweto anagubuduza zipika ziwiri n'kuikapo thabwa kuti mabenchi akwane. Tsiku lina ndinawapeza ataima ndi foloko yawo ya udzu, akuyang'ana mzere uja.

"Zaka makumi anayi ndakhala ndi ziweto," anandinong'oneza. "Sindinaonepo khola lodekha chonchi."

Mwana wa mayi uja, amene poyamba ankaima kutali zala zili m'makutu, pofika Ogasiti ankafika pampanda penipeni. Sankagwira ng'ombe. Ankangoima n'kumapuma motsanzira mmene zinkapumira, ndipo mayi ake ankayang'ana kumbali kuti tisaone maso awo.

Lachinayi lomaliza la Sepitembala kunagwa mvula yeniyeni ndipo tinabwera atatu okha. Teni koloko woyang'anira ziweto anabwera ndi kiyi, anachotsa mwala uja ndi phazi, anakoka geti. Kenako anatulutsa m'chikhoti kabokosi ka mazira asanu ndi limodzi n'kundipatsa. Limodzi linali lobiriwira mopita ku buluu. Asanuwo tinakazinga ndi achemwali tsiku lomwelo, koma lobiriwiralo ndinalisunga pawindo mpaka ndinachita kuopa kuti liphulika.

Chaka chotsatira a khonsolo anachotsa Lachiwiri n'kusiya Lachinayi lokha. Ndinadandaula, koma woyang'anira ziweto anati Lachiwiri ndi tsiku limene dokotala wa ziweto amabwera, ndipo kunena zoona iwo ndi amene anapempha. Sindinakangane nawo. Chilimwe chimenecho chitatha anapuma pantchito n'kupita kukakhala ndi mlongo wawo kumadzulo kwa dziko, kufupi ndi nyanja. Sitinapatsane manambala a foni. Sizinatibwerere m'mutu, chifukwa tinazolowera kuti malo okumanirana alipo.

Ine tsopano ndimagwira masana, m'nyumba yosungira okalamba kufupi ndi kumene ndimakhala. Usiku ndimagona ngati anthu ena onse, ndipo hafu pasiti eyiti imandipeza ndikuphikira munthu phala la otsi. Achemwali adakali ku wodi ija, ndipo ndi amene amandiuza kuti geti likutsegulidwabe, kuti ziweto akuyang'anira ndi mayi wina wachitsikana wa tsitsi lofiira, kuti mabenchi tsopano alipo anayi. Chaka chilichonse ndimati ndipempha Lachinayi limodzi la tchuthi mu Juni, maluwa a minga ija asanayoyoke onse. Koma rosita ya ntchito imatuluka, wina amadwala, wina ali ndi ukwati, ndipo Juni amatha ndisanalembe dzina langa.